Nkhawa nayo imapweteketsa bala la opaleshoni

Amayi awiri angathe kubereka pa opaleshoni tsiku limodzi, mu fiyeta imodzi, mabala awo n'kukhala otalika mofanana. M'mawa mwake wina mumuona akudzikoka pang'onopang'ono kupita ku bafa, mnzake akulephera ngakhale kutembenuka pabedi. Odikirira odwala sachedwa kugamula mlandu: uyu ngolimba mtima, winayu ngwamantha, akungofuna kumveredwa chisoni. Chigamulo chimenechi n'cholakwika, ndipo chimavulaza. Zimene zimasiyanitsa ululu wa anthu awiri n'zambiri, koma chimodzi chomwe inu makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo mungachigwire ndi manja anu ndi nkhawa ya wodwalayo.

Ululu suchoka pabala n'kukafika mu ubongo monga mmene madzi amayendera mu paipi. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti mumsana muli malo okhala ngati chipata, pomwe uthenga wa ululu umadutsa usanakwere kumutu. Chipatacho chimatseguka kwambiri kapena pang'ono. N'chifukwa chake mwana akadzigunda bondo mumamusisita ndipo amatonthola: kusisitako kumatsekako chipata. Ubongo nawo umatumiza uthenga wake kutsikira kumsana, wouza chipata kuti chitseguke kapena chitsekeke. Munthu akakhala ndi mantha, maganizo onse ali pabala, akudikira kuti chinachake choipa chichitike, chipatacho chimakhala chotsegula. Ululu umene akumvawo ndi weniweni. Sakunamizira.

Dokotala wina wa ku America, Henry Beecher, anaona zodabwitsa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali ku Anzio, m'dziko la Italy. Asilikali ambiri obwera ndi mabala aakulu ankakana morphine atawafunsa, ponena kuti ululu sunafike pofuna mankhwalawo. Atabwerera kwawo anapeza kuti anthu wamba ochitidwa opaleshoni ankapempha mankhwalawo kwambiri kuposa asilikali aja. Iye anaganiza kuti kusiyanako kunali pa tanthauzo la bala. Kwa msilikali, kuvulala kunali kutuluka m'nkhondo ali moyo. Kwa munthu wamba, bala linali chiyambi cha mavuto. Tangoganizani tanthauzo la bala kwa bambo wochitidwa opaleshoni ya phudzi mu Disembala, mvula itagwa, munda usanapaliridwe, kapena kwa mayi amene wasiya ana atatu kumudzi ndipo akudziwa kuti kumjigo n'kutali. Anthu amenewa amagona pabedi la chipatala akuwerengera ndalama ya fetereza ndi ya thiransipoti yobwererera kwawo.

Thupi limayankha nkhawa ngati kuti kukubwera chilombo. Limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, minofu imakungika. Minofu ya pamimba ikakungika imakoka bala lomwe langosokedwa kumene. Wodwala amayamba kupuma mwapamwambamwamba poopa kuti lingapweteke, amaopa kutsokomola, makhololo n'kumaunjikana m'mapapo, ndipo apa ndi pomwe chibayo chimalowera. Amaopanso kuyenda, pomwe kugona osasuntha kumapangitsa kuti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Tulo timasowa, ndipo munthu wosagona amamva ululu kwambiri tsiku lotsatira. Ululuwo umawonjezera nkhawa, nkhawa n'kuwonjezeranso ululu.

Ngakhale kupola kwa bala kumachedwa. Mu 1995 ofufuza a ku yunivesite ya Ohio State anacheka timabala ting'onoting'ono tofanana pamikono ya amayi a magulu awiri. Amayi amene ankasamalira abale awo odwala matenda oiwalaiwala, omwe ankakhala opsinjika maganizo tsiku ndi tsiku, mabala awo anatenga masiku pafupifupi 9 owonjezera kuti apole poyerekeza ndi anzawo.

Koma kafukufuku amene ine ndimafuna wachipatala aliyense atamudziwa ndi wa mu 1964, pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston. Odwala 97 oyembekezera opaleshoni ya m'mimba anagawidwa pawiri. Gulu lina linakonzekeretsedwa mwa masiku onse. Gulu linalo dokotala wogonetsa anakhala nalo pansi n'kulifotokozera kuti ululu udzamveka pati, udzakhala wotani, udzatenga nthawi yaitali bwanji, komanso mmene angapumire ndi kutembenukira kuti minofu imasuke. Ofotokozeredwawo anafuna pafupifupi theka la morphine amene anzawo anafuna, ndipo anatuluka m'chipatala masiku oposa awiri anzawo asanatuluke. Sanawawonjezere makina kapena mankhwala atsopano. Anangowauza zoona nthawi isanakwane.

Apa mlandu uli kwa ife achipatala. M'zipatala za maboma athu, ma clinical officer ndi amene amachita maopaleshoni ambiri obereketsa, ndipo mzere wa odwala sutha. Komabe kusainitsa munthu fomu yovomereza opaleshoni, kapena kumudinditsa chala, asakudziwa chomwe chikachitike mkatimo, ndi kumutumiza ku fiyeta ndi katundu amene tikanamutula pa mphindi zisanu. Pa opaleshoni yadzidzidzi nthawi imachepadi, koma mawu awiri atatu amakwana ngakhale pokankha bedi. Inuyo musachite manyazi kufunsa. Andigonetsa thupi lonse kapena andibaya pamsana kuti ndichite dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika? Ndidzadzuka ndi paipi ya mkodzo? Ndidzayamba liti kudya ndi kuyenda? Ululu ukakula usiku ndiuze ndani? Ngati wodwala akuchita mantha kufunsa, womudikirira afunse m'malo mwake.

Kunyumba nako kuli ntchito. Tili ndi chizolowezi chabwino chozonda odwala, koma nkhani zina zimene timapita nazo n'zowawitsa bala. Munthu mawa akulowa ku fiyeta, mlendo n'kuyamba kusimba za uje amene analowa momwemo osatulukanso. Wina amabwera ndi uthenga wa ngongole, wina wa mbuzi zomwe zadya chimanga, wina akunong'ona kuti kubereka pa opaleshoni ndi ulesi kapena kuti pali dzanja la munthu. Zimenezi zisiyeni kunja kwa wodi. Chimene chimatsitsa mtima wa mayi wochitidwa opaleshoni si mawu akuti "limbani mtima" ayi, koma kumva kuti ana adya, mlamu wake akutunga madzi, ndipo palibe amene akumuyembekezera kusenza ndowa kapena kugwira khasu kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Abambo, uthenga umenewu ukachokera pakamwa panu umagwira ntchito kuposa ukachokera kwa wina aliyense.

Kwa ana, nkhawa ya kholo imapatsirana ngati chimfine. Mwana amayang'ana nkhope ya mayi ake kuti adziwe ngati pali choopsa. Musamunamize kuti mukupita kumsika, kapena kuti sadzamva kanthu. Muuzeni mwachidule, molingana ndi msinkhu wake, kuti akagona tulo ta mankhwala, akadzuka padzapweteka pang'ono, adzapatsidwa mankhwala, ndipo inu mudzakhala pomwepo. Mutengereni nsalu kapena chidole chimene amachikonda. Ndipo chonde tileke kuopseza ana ndi jakisoni akalakwa pakhomo. Tsiku limene adzafunikedi chipatala, amene adzavutike kumugwira ndi inu nomwe.

Pali ngozi ina imene ingabwere ndi nkhani yonseyi, ndipo ndikufuna imveke bwino. Kudziwa kuti nkhawa imakulitsa ululu si chilolezo chouza wodwala kuti "ndi maganizo chabe" n'kumumana mankhwala. Bala la opaleshoni limafuna mankhwala, ndipo masiku oyambirira amagwira bwino akamamwedwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ufike polira. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a Panado a 500mg pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 patsiku. Samalani chifukwa mankhwala ambiri a chimfine a m'magolosale amakhala kale ndi paracetamol. Brufen ndi diclofenac si za aliyense, makamaka amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, choncho imwani pokhapokha achipatala atakulemberani. Mlingo wa mwana umatengera kulemera kwake, si theka la wa munthu wamkulu. Morphine woperekedwa ndi achipatala kwa masiku ochepa si chizindikiro choti munthu ali pafupi kufa, monga ena amanenera m'mawodi. Amathandiza wodwala kupuma mokwanira, kutsokomola ndi kudzuka. Potsokomola, agwirize pilo kapena chitenje chopinda pabala.

Ndiponso si ululu uliwonse umene uli wa nkhawa. Ululu wabwinobwino wa opaleshoni umanka nuchepa tsiku ndi tsiku. Ukamakula m'malo mochepa, kapena pakabwera kutentha thupi, mafinya, fungo, bala kufiira kapena kutseguka, mimba kutupa ndi kusanza, kutaya magazi ambiri, mwendo umodzi kutupa, kubanika, kapena mutu waukulu ndi kusaona bwino kwa mayi amene wangobereka, musataye nthawi ndi kumutonthoza. Mubwezereni kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu alangizi a zaumoyo ndi odzipereka a m'midzi, mukamayendera munthu wotuluka m'chipatala musangoyang'ana bala n'kudutsa. Mufunseni ngati akugona tulo, ngati akudya, ndi chimene chikumusowetsa mtendere, ndipo pezani mpata womufunsa apongozi ndi alendo atatalikirako. Ena ululu umawapitirira miyezi itatu bala litapola kale, ndipo amene anali ndi nkhawa yaikulu kapena ululu wosathandizidwa masiku oyambirira ndi amene izi zimawachitikira kawirikawiri. Mukapeza wotere, kapena mayi amene akungolira, sakufuna kuyamwitsa, kapena akulankhula zodzivulaza, mulembereni kalata yomutumiza kuchipatala ndipo onetsetsani kuti pali womuperekeza.