Mkamwini sankagawa munda

Akonzi,

Bambo amene analemba m'nyuzipepa yanu kuti kale mawu a munthu womwalira ankakwana kugawira ana minda, ndipo kuti tingobwerera komweko, akuoneka kuti sanalimepo mbatatesi kuno ku Bembeke.

Bambo wa m'nyumba ankagawa munda wa yani? Kuno ambiri ankakwatira chikamwini. Munda unali wa mbumba ya mkazi, ndipo woyang'anira anali malume, mwinimbumba. Mkamwini akadwalika ankatha kunena kuti njinga ipite kwa uje, mbuzi kwa mphwake, basi. Akati atchule dimba la kudambo, alamu ake ankangoyang'anana, maliro akatha n'kuiwala.

Ngakhale mawu a gogo mwinimunda ankalimba chifukwa cha anthu amene anali pamphasapo: mwinimbumba, alongo, nthawi zina nyakwawa. Lero theka la mboni zoterozo lili ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo kadimba kamodzi kakulimbiranidwa ndi zidzukulu khumi, poti mavenda akugula mbatatesi ndi ndalama zooneka. Aliyense amabwera ndi "mawu omaliza" akeake, ena anali asanabadwe n'komwe.

Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limafuna wilo yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. La malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa minda. Malamulowa ali ndi zovuta zake, koma bambowa asauze amayi amasiye kuti akadalire zimene anamva munthu mmodzi usiku, wodwala akubuula.

Mlimi wa mbatatesi,
Bembeke, Dedza