Mroma ndi Mgalatiya pagome limodzi

Werengani Agalatiya 3:26-29

Ana athu pa Golomoti ndi pa Mtakataka amakonda kuonera mafilimu a nkhondo zamakedzana. Imodzi mwa nkhani zotere ndi Britannia, ya mu 2018, yosimba za Aroma pomwe adathira nkhondo Aselote a ku Britain m'chaka cha 43. Oonera sachedwa kusankha mbali: ena amachemerera lupanga la Aroma, ena matsenga a ansembe a Aselote. Mdani akagwa, amaomba m'manja.

Kodi tikudziwa kuti Agalatiya a m'Baibulo adachokera ku mtundu womwewo wa Aselote? Ndipo Paulo, amene adawalembera kalata, adali nzika ya Roma. Iye adawatcha abale, nawakumbutsa kuti onse obatizidwa mwa Khristu ali amodzi.

Nafenso kuno kunyanja tili ndi mbiri ya mikondo. M'zaka za m'ma 1800 Achewa, Angoni ndi Ayao adakhetsana mwazi. Lero nyumba ya Chamare ku Mua ikusunga pamodzi miyambo ya mitundu itatuyi, ndipo zidzukulu zawo zimadyera Mgonero pagome limodzi. Komabe posankha akulu ampingo, kapena mwana akapeza banja kumtundu wina, kodi sitiyambanso kuchemerera mbali yathu?

Makolo, filimu ikatha tiwafunse anawo kuti ophedwa aja adalengedwa ndi yani. Funsolo tidzifunsenso ifeyo.

Ambuye, chotsani tsankho m'mitima mwathu. Amen.