Ziwerengero zotsalira pa kompyuta ya wina

Kalaliki wa sukulu kapena msungichuma wa gulu la alimi pa Namadzi akalandira fayilo ya Excel pa flashi kuchokera ku Zomba kapena ku Blantyre, nthawi zina imatseguka ndi chenjezo lakuti ikudalira mafayilo ena. Ambiri amangodina Don't Update n'kupitiriza ntchito, osadziwa kuti ziwerengero zina m'menemo n'zakale, zokokedwa m'fayilo yomwe inatsala pa kompyuta ya mwini wake. Kuti mupeze mafayilo akunjawo, yambirani pa Data, kenako Edit Links, pomwe mayina a mafayilowo amaonekera. Mukatero dinani Ctrl+F musake chizindikiro cha [ m'mafomula a fayilo yonse, poti Excel imatsekera dzina la fayilo yakunja m'zizindikiro zoterezi. Chenjezolo likamabwerabe mutakonza mafomulawo, ndiye kuti dzina la fayilo yakunja labisala pena: mwina m'matchati, m'malamulo a Data Validation, m'masamba obisidwa, kapena mu Name Manager, momwe mayina akale amagona zaka popanda wowayendera. Ine ndimayamba kukayikira m'menemo. Break Link ya mu Edit Links imathandiza, komatu imasandutsa fomula kukhala nambala chabe, ndipo Undo siibweza kanthu. Sungani kaye kope lina la fayiloyo musanadine.

— Mlembi wa pa Namadzi