Cipere ca Mwana Cifunidwe ku Khola

Alimi anzanga, pali matenda amene timawanyoza cifukwa sapha ciweto. Thole likatuluka mabanga otuwa, ozungulira, okhala ndi nkhanambo m'mbali mwa maso ndi m'khosi, timati lidzapola lokha. N'zoona, mathole ambiri amapola pakapita miyezi ingapo. Koma amene amalipira ulesi wathuwo ndi mwana amene timamutuma kukatsekera mathole, uja amawakumbatira m'khosi powakoka.

Cipere si nyongolotsi, ndiponso si cilango ca uve wa amake mwana. Cimabwera ndi kacilombo ka mtundu wa cuku, m'bale wake wa cija cimaoletsa cimanga m'nkhokwe. Kamadya khungu ndi tsitsi, ndipo mbewu zake zimakhala miyezi yambiri pa mitengo ya khola pamene ng'ombe zimadzikanda. Cipere cocokera ku ng'ombe cimakonda kukhala caukali pamutu pa munthu: pamatupa, pamatuluka mafinya, ndipo cikacedwa cimasiya dazi losameranso tsitsi. Cikafika m'nyumba, ife eni ndife timacigawa. Pa Cisanu, pokonzekera Sabata, lezala limodzi limayenda pa mitu isanu.

Cimene cimandiwawa kwambiri ndi mankhwala athu a pafamu. Ndaonapo mwana atapakidwa oilo wakuda wa m'injini, wina mankhwala a dibi. Dibi anapangidwira nkhupakupa. Pa cilonda ca mwana ndi poizoni wolowa m'thupi. Ngakhale mafuta opaka ogula, amene amathandiza cipere ca pamkono, sakwanira pamutu, pakuti kacilomboka kamabisala m'kati mwa tsitsi mpaka ku mizu. Pafunika mapilisi a ku kiliniki, kawirikawiri griseofulvin, omwa tsiku ndi tsiku milungu 6 mpaka 8, pamodzi ndi cakudya ca mafuta monga mkaka kapena nshawa. Ambiri amaleka pa mlungu waciwiri poona nkhanambo zayoyoka, ndipo cipere cimabwerera.

Pa Levitiko 13 wansembe ankayang'ananso nthenda ya pamutu atapita masiku 7, osangoona kamodzi n'kuiwala. Ifenso tibwerereko. Popita ndi mwana ku kiliniki, uzani anamwino kuti kwanu kuli mathole a mabanga. Mukabwerako, patulani thole lodwalalo, likhale padzuwa, itanani alangizi a ziweto, ndipo nchito yoligwira ikhale ya munthu wamkulu wosamba m'manja ndi sopo. Lezala la Cisanu, mwana aliyense lake.