Zithunzi Zinapita ku New York, Eni Ake Anabwera ku Niassa

Mwa ife amene timawerenga tsamba lino, ndi angati anaonapo chithunzi chojambulidwa ndi malemu Ricardo Rangel? Ndikhulupirira kuti ndi owerengeka. Chonsecho mkuluyu anali katswiri wa zithunzi wotchuka kopambana m'dziko lathu la Mozambique, ndipo nkhani ya zithunzi zake zina inathera konkuno ku Niassa.

A Rangel anabadwa mu 1924 ku Lourenço Marques ndipo anamwalira mu 2009 mumzinda womwewo, utasintha dzina kukhala Maputo. Ntchito anaiyamba ali mnyamata, m'chipinda chamdima chotsukira mafilimu a eni ake. Mu 1952 analembedwa ntchito ku nyuzipepala ya Notícias da Tarde, nakhala munthu woyamba wosakhala mzungu kujambula zithunzi za nyuzi kumeneko. Mu 1970 anali mmodzi mwa amene anayambitsa magazini ya Tempo. Boma la atsamunda linaletsa zithunzi zawo zambiri kuti zisatuluke.

Masana ankajambula zimene abwana afuna, koma usiku ankajambula za kumtima kwawo. Kuyambira m'ma 1960 ankatenga kamera kupita ku Rua Araújo, msewu wa mabala pafupi ndi doko, kumene amalinyero, asilikali a Chipwitikizi ndi azungu a ku South Africa ankakumana ndi akazi oyendayenda. Akaziwo a Rangel sanawajambule monyoza ayi. Timawaona atatchena, akuvina, akuseka, ena atatopa pakhomo la bala, anthu ofunafuna chakudya monga tonsefe. Mu 1996 nyumba yosungira zaluso ya Guggenheim ku New York inaika zithunzi za a Rangel pa chionetsero cha ojambula a mu Africa chotchedwa In/sight, ndipo mu 2004 zithunzi za msewu uja zinatuluka m'buku la Pão Nosso de Cada Noite.

Nanga akazi aja anapita kuti? Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Mu 1974 ndi 1975 asilikali a Frelimo anasesa msewuwo, nagwira akazi ambirimbiri. A Rangel analipo, ndipo anajambula mayi wina akuyenda pakati pa asilikali awiri. Ambiri mwa ogwidwawo anawatumiza ku misasa imene boma linkati ndi yowongolera khalidwe, ndipo umodzi unali ku M'sawize, m'boma la Mavago. Chithunzi cha mayi uja ndi chimene chinachititsa Licínio Azevedo kupanga kanema wa A Última Prostituta mu 1999, ndipo mu 2012 anabwerezanso nkhaniyi mu Virgem Margarida. Mu 1983 kunabweranso Operação Produção, pamene anthu zikwizikwi a m'mizinda anawatsitsa pa bwalo la ndege la Lichinga kuti akalime. Ena sanabwererenso kwawo. Anamanga mabanja konkuno, ndipo ana ndi adzukulu awo ndi anansi athu lero.

Choncho alendo a kutsidya kwa nyanja anaona chiyambi cha nkhani, ife tili ndi mapeto ake, koma mbali ziwirizi zikukhala motalikirana. Ine ndikuti akuluakulu oona za chikhalidwe m'chigawo chino apemphe osunga zithunzi za a Rangel ku Maputo kuti zidzaonetsedwe ku Lichinga. Sitikupempha nyumba yagalasi. Holo ya sukulu ndi yokwanira, bola mawu ofotokozera zithunzi alembedwe m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua, osati m'Chipwitikizi chokha.

Ena anena kuti uku nkukanda chilonda chimene chinapola. Mawu amenewa ngomveka, ndipo nchifukwa chake oyamba kufunsidwa akhale agogo amene anadutsa m'misasa ija. Wofuna kulankhula alankhule, wofuna kukhala chete asakakamizidwe, ndipo dzina la munthu lisatchulidwe mwini wake asanalole. Koma tisazengereze. Mtsikana amene anali ndi zaka 20 mu 1975 lero wapitirira zaka 70. Chithunzi chikhoza kudikira m'kabati zaka zina makumi asanu, koma agogo amene angatiuze amene ali pachithunzipo sangadikire nthawi yonseyo.

Tionana sabata yamawa.