Makina Ali Pafupi, Odwala Akupita Kutali

Pali nkhani imene ife okhala ku Joni timaizengereza mpaka nsima itayamba kukakamira pakhosi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kum'mero imasautsa kwambiri padziko lonse, ndipo nthendayi sitsalira pa Mwanza munthu akamadutsa malire. Kuti idziwike msanga, dokotala amalowetsa kachubu kokhala ndi kamera n'kuona kum'mero ndi m'mimba. Kuunika matumbo nakonso n'chimodzimodzi.

Tsono taganizirani munthu wogwira ntchito m'mafakitale a ku Spartan. Chipatala cha boma cha Kempton Park chinatsekedwa mu 1996, nyumba zake zinasanduka bwinja. Wodwala amayambira kukiliniki, kulandira kalata, kenako kukafola ku Tembisa kapena ku Edenvale. Zikakula, ulendo umafika ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Kwa waganyu, tsiku la pamzere ndi tsiku lopanda malipiro, n'chifukwa chake ambiri amangogula mankhwala a chilungulira n'kubwerera kuntchito. Chonsecho zipatala zolipira, monga Arwyp, zili mu Kempton Park momwemo.

Lamulo la NHI, limene Cyril Ramaphosa anasaina pa 15 Meyi 2024 ndipo likutsutsidwabe m'makhoti, limalola thumba la boma kugula chithandizo kuzipatala zoterezi. Ine ndikugwirizana nazo. Kumanga chipatala kumatenga zaka, pomwe chotupa sichidikira.

Komabe ku Ekurhuleni mawu oti kontirakiti ali ndi mbiri ya magazi. Babita Deokaran anaphedwa pa 23 Ogasiti 2021 atakayikira malipiro a ndalama pafupifupi R850 miliyoni pachipatala cha Tembisa. Mwayi wake, kuunika m'mimba ndi ntchito yowerengeka. Boma lizilengeza poyera dzina la chipatala, mtengo wounikira munthu mmodzi, ndi chiwerengero cha ounikidwa mwezi uliwonse. Ndalama zizituluka ntchito itagwiridwa, ndipo posankha chipatala aziyeza mtunda umene wodwala ayende pa takisi.

Chondiwawa kwambiri n'china. Lamulo lomwelo likuti wopempha chitetezo ndiponso wopanda zikalata azingothandizidwa pa matenda adzidzidzi ndi matenda amene amayenera kulengezedwa kuboma. Kuvutika kumeza sikuwerengedwa kuti n'kwadzidzidzi mpaka munthu atalephera ngakhale madzi, ndipo pamenepo kamera imangotsimikiza zimene zachedwa kale. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo. Mabungwe athu a maliro, amene amasonkha ndalama zotumizira mitembo kumudzi, ayambe kunena zimenezi mokweza kwa makhansala ndi akuluakulu a zaumoyo a Gauteng.