Cimwemwe ca amai si ca kukakamiza

Pa Sondo m'machechi ambili kuno ku Kafue, amai amauzidwa kuti Mkristu weniweni sadandaula, azingomwetulila. Ife takana.

Onani tsiku la mai wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound. Amauka kusanace, atunga madzi, ayatsa mbaula, asambika ana, ndiye athamangila kumsika kukagulitsa nsomba za mu mtsinje wa Kafue, khanda lili kumsana. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, ndipo wosakila malasha anali iye yemweyo. Pa Sondo afika mocedwa, mwana alila, ife titembenuka n'kumuyang'ana ndi diso loipa. Ndiye tidabwa kuti alibe cimwemwe?

Ena amati cimwemwe cimacokela kwa Mulungu. N'zoona, koma Mulungu amasewenzetsa manja a anthu. Pa Eksodo 17, manja a Mose atalema, Aroni ndi Huri anamukhazika pamwala n'kumugwililila manjawo mpaka dzuwa kulowa. Pa Macitidwe 6, akazi amasiye atanyalanyazidwa pogawa cakudya, mpingo unasankha amuna 7 kuti akonze vutolo. Palibe amene anauzidwa kuti angopilila.

Conco anyamata ndi atsikana anzathu, tileke kutumila amai mavesi pa WhatsApp mbale zakuda zili mbwee pakhomo. Inu atate, kubeleka mwana kumsana sikucotsa umuna. Ku chechi tizisinthana kusunga ana, kuti amai amveko ulaliki mpaka kumapeto. Tiwapatse mpata wopuma, tidzaona okha akuyambitsa nyimbo.